Ophika a mfumu Zahhak

Teremu ino anatipatsa funso limene poyamba ndinaliona ngati lophweka: n'chifukwa chiyani anthu amagonjera wowapondereza? Aliyense ankayenera kusankha dziko limodzi n'kulondola mbiri yake. Anzanga ambiri anathamangira ku Germany wa nthawi ya Hitler, poti mabuku ake ali mbwee. Ine ndinatenga Iran, ndipo ndisabise, ndinasankha ndili kale ndi yankho kumphasa. Ndinkati anthu amene akhala pansi pa mafumu zaka zoposa 2,500, n'kuchotsa mfumu mu 1979, kenako n'kupezekanso ali pansi pa atsogoleri achipembedzo, ndiye kuti kugwada kunawalowa m'magazi. Ndime yoyamba ya pepala langa ndinailemba choncho. Aphunzitsi anangozunguliza mawu oti "m'magazi" ndi cholembera chofiira, pambali n'kulembapo kuti, "Munawayeza magaziwo?" Zinandinyansa ndithu tsiku limenelo. Patapita milungu isanu ndi umodzi ndikuwerenga usiku ana atagona, ndimeyo ndinaifufuta ndekha popanda wondiuza.

Chimene chinayamba kundigwedeza chinali nthano. Mu Shahnameh, ndakatulo yaitali ya mafumu imene Ferdowsi anamaliza cha m'ma 1010, muli mfumu dzina lake Zahhak. Mdyerekezi anaipsompsona pamapewa, ndipo pomwe anapsompsonapo panamera njoka ziwiri. Akazidula zinkaphukanso. Kuti zikhale phee zinkafuna ubongo wa munthu, ndiye tsiku lililonse anyamata awiri ankaphedwa kukhitchini ya kunyumba yachifumu. Nthanoyo imati Zahhak analamulira zaka 1,000. Ndinaima pamenepo n'kuyamba kuwerengera: awiri patsiku, chaka ndi chaka, dziko lonse lili duu. Funso la pepala langa lija mlakatuli wa ku Iran komweko anali atalifunsa kale zaka chikwi zapitazo, ndipo analifunsa bwino kuposa ine.

Ferdowsi sanajambule anthu amtundu umodzi. Pali akuluakulu a m'bwalo la mfumu. Zahhak atayamba kuchita mantha ndi maloto ake, anawasonkhanitsa kuti asaine chikalata chochitira umboni kuti iye ndi wachilungamo, wonena zoona, wosachita choipa. Onse anasaina chifukwa cha mantha. Pali Kaveh, wosula zitsulo, amene ana ake anali atathera kale kunjokazo ndipo wotsala anali atangogwidwa kumene. Analowa m'bwalo akukuwa. Mfumu inamubwezera mwanayo n'kumuuza kuti nayenso asaine. Kaveh anawerenga chikalatacho, anawakalipira akuluakulu aja, anaching'amba n'kuchipondaponda, natuluka atakoleka pamkondo chikopa chimene ankavala posula, chikhale mbendera. Ndiye pakati pa osaina ndi Kaveh pali ophika awiri, Armayel ndi Garmayel. Awa anaphunzira dala kuphika kuti alembedwe ntchito kukhitchini ya mfumu. Akabweretsa anyamata awiri, iwo ankapha mmodzi, ubongo wake n'kusakaniza ndi wa nkhosa, winayo n'kumuthawitsira kumapiri. Pamwezi ankapulumutsa 30. Pamwezi womwewo ankapha 30.

Nthanoyo ndinaiika pambali kaye n'kulowa m'mbiri yeniyeni. Amene anandithandiza kuona pamene pagona nkhani ndi Homa Katouzian, katswiri wa mbiri wochokera ku Iran amene wakhala akugwira ntchito ku Oxford. Iye amati chovuta m'Iran wakale sichinali kukhwima kwa malamulo. Lamulo lokhwima umaliphunzira, n'kumalitsata kapena kulizemba, usiku n'kugona tulo. Chovuta chinali choti pamwamba pa mfumu panalibe lamulo lililonse. Ulamuliro wotere eni ake amautcha estebdad. Munda uli nawo lero chifukwa mfumu yakonda. Mawa ikalota zina, munda wapita, mwina ndi mutu womwe. Ku Ulaya mabanja a eni malo ankadziwa kuti chuma chidzafika kwa adzukulu, ndipo pokhala ndi poponda ankatha kuimirira pamaso pa mfumu. Ku Iran mwana wa wophika ankatha kukhala nduna yaikulu, nduna yaikuluyo n'kuphedwa ngati nkhuku ya alendo.

Sindikukuluwika ayi. Amir Kabir, amene a ku Iran amamulemekeza mpaka lero, analidi mwana wa wophika. Bambo ake ankaphika m'nyumba ya Qa'em Maqam, yemwe anadzakhala nduna yaikulu n'kuphedwa mu 1835 molamulidwa ndi Mohammad Shah, mfumu imene iye mwini anaithandiza kukhala pampando. Mwana wa wophika uja anakwera mpaka kufika pa udindo womwewo mu 1848. Anakonza kayendetsedwe ka chuma, anayambitsa sukulu ya Dar al-Fonun, anakwatira mlongo wake wa mfumu Naser al-Din Shah. Mu Januwale 1852 anamudula mitsempha m'nyumba yosambira ku Fin, pafupi ndi Kashan, atalamula mlamu wake yemweyo. Mu 1933 Teymourtash, amene pa mphamvu anali wachiwiri kwa mfumu Reza Shah, anafera m'ndende. Hoveyda anatumikira Mohammad Reza Shah, mwana wa Reza Shah, ngati nduna yaikulu zaka zoposa 12, koma mu Novembala 1978 mfumu yomweyo inamumanga pofuna kuziziritsa mitima ya anthu okwiya. Oukira boma anamupeza ali womangidwa kale, n'kumuwombera mu Epulo 1979.

Nduna ikakhala choncho, nanga mlimi? Dzina limene ankamutcha mlimi wa pamunda wa bwana, ra'iyat, linachokera ku liwu la Chiarabu lonena gulu la ziweto loyang'aniridwa ndi mbusa. Mbali yaikulu ya Iran ndi youma, ndipo midzi yambiri inkadalira ngalande za pansi pa nthaka zotchedwa qanat, zokumbidwa kuchokera m'munsi mwa mapiri, zodula kukumba ndi kusamala. Mwambo wodziwika unali wogawa zokolola pasanu: gawo la nthaka, la madzi, la mbewu, la ng'ombe zolimira ndi la thukuta. Tenanti amene anali ndi manja ake okha ankatenga gawo limodzi. Kukangana ndi mwini madzi kunali kukangana ndi nsima ya ana ako. Midzi inali yotalikirana, pakati pali chipululu, moti ngakhale ofuna kugwirizana anavutika kukumana. Izi zinayamba kusintha mu 1962 pamene boma linayamba kugawa minda, dzulodzuloli.

Ndipo panali chikumbutso cha chimene chimachitikira mzinda umene wakana. A Mongol anafafaniza Nishapur mu 1221. Mfumu yankhondo Timur inaunjika mitu ya anthu ngati zulu ku Isfahan mu 1387, anthu a mumzindawo atapha okhometsa msonkho ake. Agha Mohammad Khan, woyambitsa ufumu wa Qajar, anakolowola maso amuna zikwizikwi ku Kerman mu 1794 chifukwa mzindawo unasunga mdani wake. Chilango sichinkafunafuna wolakwa, chinkagwera mzinda wonse. Apa ndinamvetsa chinthu chimene sindinachiganizirepo. Kumalo kotere munthu wolimba mtima ndi woopsa kwa anansi ake. Amene amayamba kumugwira pakamwa si msilikali, ndi amalume ake.

Wolemba mbiri Ibn al-Athir, amene anali moyo nthawi ya a Mongol, anasiya nkhani ziwiri zimene sindikutha kuzichotsa m'mutu, ndipo iye mwini anavomereza kuti n'zovuta kuzikhulupirira. Ina ndi ya msilikali amene anagwira munthu ali wopanda chida, n'kumuuza kuti aike mutu pansi asasunthe. Anapita kukatenga lupanga, pobwera anamupeza ali pomwepo, namupha. Ina ndi ya gulu la apaulendo limene linakumana ndi wokwera hatchi mmodzi yekha. Anawalamula kuti amangane manja, ndipo anayambadi kumangana. Mmodzi anati, anzanga, munthuyu ali yekha, bwanji timuphe tithawe? Anzakewo anati tikuopa. Iye anasolola mpeni, namubaya, onse n'kupulumuka. Nkhani yoyambayo ndi imene ndikanaikonda mu pepala langa loyamba lija. Yachiwiriyo ndi imene inandiwonongera mfundo, chifukwa anthu ake ndi a dera limodzi, a nthawi imodzi, a magazi amodzi ngati mukufuna kunena za magazi.

Kumbali ya maphunziro a kaganizidwe ka munthu, tinawerenga za agalu a Martin Seligman ndi Steven Maier mu 1967. Agalu amene ankawawidwa ndi magetsi popanda njira yothawira anadzangogona pansi, ngakhale njira itatseguka pambuyo pake. Akatswiriwo anati agaluwo aphunzira kuti palibe chimene angachite. Chinandidabwitsa n'choti mu 2016 anthu awiri omwewa analemba kuti anaitembenuza nkhani. Kuzizira nkhongono pokumana ndi ululu wautali ndi kumene kumabwera kokha, sikuchita kuphunziridwa. Chimene ubongo umaphunzira ndi chakuti pali chimene ndingachite chikatheka. Mukaiona choncho, funso limasintha. Sukufunsanso kuti anthuwa anaphunzitsidwa ndi ndani kugonja. Ukufunsa kuti ndi liti pamene anayesa n'kuona zikutheka, nanga phunziro limenelo linasungika bwanji. Agalu si anthu, ndipo dziko si khola la kafukufuku, ndiye sindikuikokera patali mfundoyi. Koma inandichotsa pamagazi paja.

Gawo limene ndinalikonda koposa ndi la chilankhulo. Chiperezi chili ndi miyambi imene munthu woleredwa m'Chichewa amaimva kamodzi kokha. Khoma lili ndi mbewa, mbewa ili ndi makutu. Lilime lofiira limataya mutu wauwisi, ife timati kunena kwa ndithendithe Nanthambwe adadzitengera. Ngati sufuna kuchita manyazi, tenga mtundu wa gulu. Palinso wina wodziseka okha: aliyense amene ali bulu, ife ndife chishalo chake. Wantchito wa boma akamachita choipa amati ma'muram va ma'zur, ndatumidwa, ndilibe mlandu. Mlakatuli Sa'di wa ku Shiraz analemba buku la Gulistan mu 1258, chaka chomwe a Mongol anagwetsa Baghdad, ndipo m'menemo muli malangizo oti mfumu ikanena masana kuti ndi usiku, iwe uziti taonani mwezi ndi nyenyezi. Nkhani yake yoyamba yeniyeni ndi ya nduna imene inanama pomasulira mawu a mkaidi wotukwana mfumu, n'kunena kuti akupempha chifundo, ndipo mfumuyo inati bodza lokonza zinthu liposa choonadi choutsa chipwirikiti. Poyamba ndinawerenga izi ngati umboni wa mantha. Kenako ndinazindikira kuti munthu wolemba kuti uziti taonani mwezi akudziwa bwino lomwe kuti ndi masana, ndipo akudziwanso kuti owerenga akudziwa. Akuwatsinzinira diso.

Pamenepa ndi pomwe pali mawu awiri amene amabwera pafupifupi m'buku lililonse lonena za Iran, zaher ndi baten, chakunja ndi cham'kati. Ngakhale nyumba zakale zinkamangidwa motero: biruni, kolandirira alendo, ndi andaruni, kwa eni nyumba, zonse zitabisika kuseri kwa mpanda wautali wopanda chokongoletsa. Asilamu a Chishia, amene kwa zaka mazana ambiri anali ochepa ndi osakidwa, ali ndi chiphunzitso cha taqiyya, chololeza munthu kubisa chikhulupiriro chake moyo ukakhala pachiswe. Palinso ulemu wotchedwa ta'arof, umene umapusitsa alendo: woyendetsa takisi amakana ndalama n'kumati n'zosayenera inu, munthu polankhula amadzitcha kapolo wanu kapena wantchito wanu. Mlendo wosadziwa amati anthuwa ndi odzigwetsa. Ife sitiyenera kupusitsika nazo, ife amene timati ndagwira mwendo wanu bwana kwinaku mumtima tikuwerenga zathu. Kugwada kwa mawondo ndi kugwada kwa mtima ndi zinthu ziwiri, ndipo wolamulira amangoona choyambacho.

Umboni wake ndi momwe zinthu zimaphulikira. Mu Malichi 1890 Naser al-Din Shah, yemwe ankatchedwa Chithunzithunzi cha Mulungu, anapatsa Mngerezi wina, Major Talbot, mphamvu zonse pa fodya wa dziko lonse kwa zaka 50, kulima, kugula ndi kugulitsa komwe. Amene tinakulira pafupi ndi zigafa tikudziwa tanthauzo la kukhala ndi wogula mmodzi yekha. Mu Disembala 1891 kunafalikira chigamulo m'dzina la mtsogoleri wamkulu wachipembedzo, Mirza Hasan Shirazi, amene ankakhala ku Samarra, choletsa kusuta. Dziko lonse linasiya fodya. Akazi a m'nyumba ya mfumu momwe anakana kusuta. Kumayambiriro kwa 1892 mfumu inathetsa pangano, boma n'kulipira chipukutamisozi cha mapaundi 500,000. Panalibe chipani, panalibe wailesi. Anthu aja oti chishalo cha bulu anangoika pansi kaliwo, mfumu n'kugwada ndi iyo.

Mu Disembala 1905 bwanamkubwa wa Tehran anakwapula kumapazi amalonda a shuga chifukwa cha kukwera mtengo, ndipo mkwiyo wake unakula mpaka mu 1906 anthu oposa 12,000 anakamanga misasa pabwalo la kazembe wa Britain. Poyamba ankafuna nyumba ya chilungamo, pomaliza anapeza nyumba ya malamulo. Chimene ankapempha chinali lamulo, chinthu chomwe Katouzian akuti chinkasowa chija. Anthu amene kugwada kunawalowa m'magazi sakanachita zimenezi mu 1906, mayiko ambiri a ku Asia asanalote n'komwe. Koma taonani zotsatira. Mu Juni 1908 nyumba ya malamuloyo inaphulitsidwa ndi mizinga, asilikali akutsogozedwa ndi msilikali wa ku Russia, Liakhov. Mu 1951 nduna yaikulu Mosaddegh anabweza mafuta m'manja mwa dziko, ndipo pa 19 Ogasiti 1953 anagwetsedwa mothandizidwa ndi azondi a Britain ndi America, zomwe CIA inadzavomereza poyera mu 2013. Mukakumbukira agalu aja, apa ndi pomwe njira inkatseguka, munthu n'kudumpha, n'kupeza magetsi alinso tsidya linalo. Mpaka lero a ku Iran amaseka okha chizolowezi chawo chonena pa chilichonse kuti ndi ntchito ya Angerezi. Chiyambi chake ndi choona. Koma chikakhazikika chimasanduka mphasa yogonera, chifukwa ngati zonse zimakonzedwa ku London, ine ndivutikirenji?

Mohammad Reza Shah ndiye anandikumbutsa akuluakulu osaina aja. SAVAK, apolisi ake achinsinsi, inakhazikitsidwa mu 1957, ndipo mphamvu yake yaikulu inali yoti palibe ankadziwa kuti kazitape ndi ndani, mwina mnzako wa m'kalasi, mwina mlamu wako. Mu 1975 anathetsa zipani n'kukhazikitsa chimodzi chokha, Rastakhiz, nanena kuti wosafuna kulowa malo ake ndi kundende kapena atenge pasipoti achoke. Anthu analowa mwaunyinji. Apa sindinafunikire buku londimasulira, chifukwa mayi anga mpaka lero amasimba za khadi ya chipani imene ankayenda nayo kumpango popita kumsika. Mu 1976 anasintha kalendala, anthu anagona m'chaka cha 1355 n'kudzuka m'chaka cha 2535. Masana anati ndi usiku, ndipo nyuzipepala zinati taonani mwezi. Pa 31 Disembala 1977 Jimmy Carter ali ku Tehran anatcha Iran chilumba cha bata. Pa 16 Januwale 1979 mfumu inakwera ndege osabweranso.

Timur Kuran, katswiri wa zachuma, amafotokoza izi motere: pamene kunena zoona kuli kodula, aliyense amabisa maganizo ake, ndipo pobisapo amanamiza anzake kuti iye yekha ndi amene sakukondwa. Aliyense ali ndi chiwerengero chake cha anthu amene akufuna kuwaona pamsewu asanatuluke. Wina amatuluka akaona khumi, wina akaona chikwi. Mu 1978 mwambo wa maliro ndi umene unawerengetsa anthu. Ophedwa ku Qom mu Januwale anawakumbukira patatha masiku 40 monga mwa mwambo, pamwambowo ku Tabriz kunaphedwa ena, patatha masiku 40 enanso kwina, mpaka ogwira ntchito za mafuta ananyanyala, ndipo mu Disembala anthu oposa miliyoni anadzaza misewu ya Tehran. Maganizo awo sanasinthe m'chaka chimodzi. Anangoonana nkhope.

Chipembedzo pankhaniyi chili ndi nkhope ziwiri, ndipo amene anandionetsa bwino ndi Mary Hegland, yemwe ankachita kafukufuku m'mudzi wina pafupi ndi Shiraz m'nyengo yomweyo ya 1978 ndi 1979. Husayn, mdzukulu wa Mtumiki Muhammad, anaphedwa ku Karbala mu 680 atakana kugonjera Yazid, wolamulira Asilamu wa nthawi imeneyo. Kwa zaka zambiri anthu a m'mudzimo ankamulira Husayn ngati mkhalapakati: umamulirira, umam'patsa ulemu, iye n'kukupempherera kwa Mulungu, monga momwe umachitira ndi bwana amene ali ndi khutu la akuluakulu. Miyezi yowerengeka yokha, Husayn yemweyo anasanduka chitsanzo choti uchite zimene anachita iye. Nkhani ndi yomweyo, misozi ndi yomweyo. Anthu anatengamo phunziro limene linkagwirizana ndi zimene ankaona kuti n'zotheka.

Pofika apa ndinali nditayamba kusangalala, ngati ndawapezera a ku Iran loya. Ndinalemba kuti kugonja kwawo ndi nzeru chabe, chigoba cha kamba. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera limodzi, mayi wachikulire amene anagwirapo ntchito m'boma zaka zambiri, anawerenga n'kundiuza kuti, "Achimwene, mwaiwala mtengo wake. Munthu ukanama zaka makumi awiri, umaiwala kuti unkabisa chiyani." Ananena zoona, ndipo mabuku omwewo amavomereza. Kumene aliyense wavala nkhope ziwiri, kukhulupirirana kumathera pakhomo la nyumba. Kumene mawa sadziwika, munthu amakolola msanga n'kuthawa, sadzala mtengo wodya adzukulu. Katouzian amati ndi dziko la piki, potengera chizolowezi chogwetsa nyumba yolimba bwinobwino n'kumanga ina: ulamuliro uliwonse watsopano umagumula zonse za wam'mbuyo n'kuyambira pansi. Ndipo poti boma silinakhalepo la anthu, anthu amaliona ngati mdani ngakhale likachita chabwino. Likagwa pamabwera chisokonezo, chisokonezo chikatopetsa anthu amalira munthu wamphamvu woti abweretse bata. Reza Khan, amene anadzakhala Reza Shah uja, analowa choncho mu 1921, dziko litatopa ndi nkhondo ndi njala.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi cha kumapeto kwa 1978. Kunamveka mphekesera yoti nkhope ya Khomeini, mtsogoleri wachipembedzo amene ankatsogolera oukira mfumu, ikuoneka pamwezi, ndipo anthu ambiri, ophunzira omwe, anakwera pamadenga kukayang'ana. Ena anati aiona. Ena amene sanakhulupirire anangokhala chete poti zinkathandiza kugwetsa mfumu. Ndinakumbukira Sa'di uja, taonani mwezi, ndipo tsitsi linandiima. Nthawi ino panalibe mfumu yowakakamiza. Anthu atavota kumapeto kwa Malichi 1979, boma linalengeza kuti mavoti oposa 98 pa 100 alionse avomera dziko la Chisilamu, ndipo malamulo atsopano anaika mtsogoleri wachipembedzo pamwamba pa zonse. M'nthano muja Kaveh sanakhale mfumu. Anatenga mbendera yake n'kupita nayo kwa Feridun, wa magazi achifumu, kuti alamulire iye. Kung'amba chikalata ndi luso lina, kumanga bwalo limene ngakhale wopambanayo aziliopa ndi lina, ndipo lachiwirili silingaphunziridwe m'chipinda cham'kati zitseko zili zotseka.

Komabe a Kaveh sanathe. Pa 8 Malichi 1979, patangotha milungu yochepa chigwere mfumu, amayi zikwizikwi anayenda m'misewu ya Tehran kukana kukakamizidwa kufunda kumutu, adzukulu a amayi amene mu 1936 Reza Shah anawakakamiza kuvula. Mu 1988 akaidi a ndale zikwi zingapo akuphedwa, Ayatollah Montazeri, amene anali atasankhidwa kale kudzalowa m'malo mwa Khomeini, analemba makalata otsutsa. Mu Malichi 1989 anamuchotsa, pambuyo pake anakhala zaka zingapo wotsekeredwa m'nyumba mwake. Anali m'bwalo, cholembera chili m'manja, mpando ukumudikira, koma sanasaine. Mu 2009 anthu anafunsa kuti voti yanga ili kuti. Mu Novembala 2019 boma linazimitsa intaneti pafupifupi sabata yathunthu pothana ndi zionetsero za mtengo wa mafuta. Pa 16 Sepitembala 2022 Mahsa Amini, wa zaka 22, anamwalira atagwidwa ndi apolisi oona za kavalidwe, ndipo atsikana a sukulu anavula mipango akufuula kuti mkazi, moyo, ufulu. Mabungwe a ufulu wa anthu anawerenga ophedwa oposa 500. Pakati pa zaka zikuluzikuluzi pali moyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu amene amaika mbale ya setilaiti padenga ngakhale inaletsedwa, amene amalowa pa intaneti podzera kuseri, mphunzitsi amene amawerenga buku la boma mokweza kenako n'kutsitsa mawu.

Ambiri mwa anthu, kulikonse, si a Kaveh ndipo si akuluakulu osaina. Ali kukhitchini. Namwino wa kundende, kalaliki amene amasochetsa dala fayilo, woweruza amene amachepetsa chilango koma osakana mlandu. Pa zokambirana zathu zomaliza tinatha ola lathunthu pa ophika awiri aja. Mnyamata wina anati ndi zigawenga basi, chifukwa ndi iwo ankagwira mpeni, ndipo chifukwa cha iwo njoka zinkadya pa nthawi yake, mfumu n'kumagona bwino. Mayi aja anati akanakana, pakanabwera ophika ena osadziwa njira ya kwa ogulitsa nkhosa. Wina anakumbutsa kuti opulumutsidwa aja akakwana 200, ophikawo ankawapatsa mbuzi ndi nkhosa kuti akayambe moyo kumapiri, ndipo nthano imati ndiwo makolo a Akurdi. Mahsa Amini anali Mkurdi wa ku Saqqez, ndipo mawu atatu aja anayamba kumveka m'Chikurdi pamaliro ake. Palibe amene anayankhapo.

Pepala ndinapereka Lachisanu lapitali, lili ndi masamba 14, ndipo gawo la ophika ndi lalifupi kuposa onse chifukwa chilichonse chimene ndinkalemba chinkaoneka ngati ndikudzikhululukira ndekha. Ndakhalapo pamsonkhano wa kuntchito pomwe munthu ankanamiziridwa ine ndikudziwa, ndinakhala chete, madzulo ake n'kumuimbira foni yomutsina khutu kuti asamale. Tsiku limenelo ndinagona ndikudziona ngati munthu wabwino. Ndinabwereranso ku ndakatulo ija kukafufuza kuti ophikawo ankasankha bwanji pakati pa anyamata awiri ataimirira pakhomo la khitchini, wamtali kapena wamfupi, wolira kapena wachete. Ferdowsi amati mitima yawo inkawawa, maso ali ndi misozi, anayang'anizana, napha mmodzi, poti njira ina sanaidziwe. Za kasankhidwe sanenapo kanthu. Amangopitiriza ndi nkhosa.